Chikwama cha pa Lifiti

Ntchito yanga ndi ulonda. Ndinayambira ku Lilongwe, pageti la loji ina. Pano ndili ku Dubai. Ntchito ndi yomweyo, kuima ndi kuyang'ana. Chosiyana ndi dzuwa.

Chaka changa chachitatu kuno ndinali pabwino. Kampani inandiika m'nyumba yaitali ya ku Sports City, momwe mumakhala mabanja. Ndinkakhala padesiki, m'kati, pafupi ndi khomo lolowera. Munali makina oziziritsa. Mpando unalipo. Munthu amene sanaimepo panja kuno nthawi yotentha sangadziwe kuti mpando ndi mthunzi n'chiyani. Kontirakiti yanga inali itatsala miyezi iwiri kuti ithe. Ndinkafuna aisainenso. Kumudzi nyumba inali itafika pamawindo, denga kunalibe.

Ndiye kunabwera nkhani ya zigawenga.

Inayambira m'basi ya kampani, m'mawa, tikuchokera kukampu komwe timagona. Anaibweretsa ndi mnzanga wa ku Chipata, amene tinkasinthana naye desiki. Munthuyo sachoka pafoni. Anati wawerenga kuti maboma amapereka ndalama kumizinda ikuluikulu zokonzekera zigawenga. Zogulira zida, zophunzitsira alonda, zoyeserera kuthawa. Anati kunonso zatuluka ndipo kampani yathu yalandirako. Ndinamufunsa kuti waziona pati. Anati pafoni. Ndinati andionetse. Anafufuza mpaka basi inafika, osapeza.

"Mudala, imwe simukhulupilila vilivonse," anatero. "Olo nikuuzeni ati lelo ni Mande, muzafuna kuona kalenda."

Ndinati eya, ndidzafuna.

Patapita sabata, kapitawo wathu anatisonkhanitsa. Munthu wamfupi, wa dziko lina, wokonda mafuta onunkhira. Anati kukhala maphunziro a masiku awiri ku Bur Dubai, ophunzitsa alonda zochita zigawenga zikabwera. Anati tipite pa masiku athu opuma. Mnzanga wa ku Chipata anandigunyuza ndi chigongono. Sindinamuyang'ane. Koma mumtima ndinati, ndiye kuti ndalamazo zilipodi.

Maphunziro ine ndimawadziwa. Sukulu ndinalekezera sitandade sikisi, koma maphunziro a anthu akuluakulu ndinawaona zaka zambiri, ndili pageti la loji ija. Ankabwera ndi magalimoto. Ndinkawatsegulira. Ankalowa m'holo. Teni koloko tiyi, masana nkhuku. Madzulo ankaima pamzere, aliyense kusaina pepala, n'kulandira envulopu. Alawansi. Ena ankabwera masana okha, kudzasaina. Maphunziro opanda envulopu sindinawaonepo. Boma kapena bungwe likatulutsa ndalama za maphunziro, wophunzira amalandira yake. Ndinkadziwa choncho, ngati mmene ndimadziwira kuti mbuzi ili ndi miyendo inayi.

Ndiye ku Bur Dubai ndinapita nditavala malaya abwino.

Chipinda chinali pamwamba pa sitolo ya nsalu. Tinadzaza. Wophunzitsa anationetsa zithunzi pakhoma. Zambiri zinali za chikwama chakuda cha kumsana, chosiyidwa pabenchi, pansi pa masitepe, pafupi ndi lifiti. Anati ukaona chikwama chopanda mwini, malamulo ndi atatu. Usachikhudze. Chotsa anthu. Pita patali, uuze akuofesi. Anati wailesi ya m'manja usayatsire pafupi nacho. Anabwereza mpaka tinaloweza. Zinali zanzeru, sindikana.

Masana anatipatsa botolo la madzi ndi samusa mmodzi. Ndinati chabwino, nkhuku aidya, koma envulopu ikubwera. Madzulo tinaima pamzere. Tinasaina. Ine nditasaina ndinaimabe pomwepo. Kapitawo anandiyang'ana.

"Khalas. Yalla, basi ikudikira."

Ndi mawu a Chiarabu amenewo, kutanthauza kuti zatha, tiyeni. Ndinamufunsa za alawansi. Anachita ngati mawuwo sakuwadziwa. Ndinamufotokozera ndi Chingerezi changa chochepa, n'kusisita zala. Anaseka. Anati kuno malipiro a maphunziro ndi nzeru zomwe watenga. Anauzanso anzake awiri m'chinenero chawo, nawonso anaseka.

Tsiku lachiwiri mapepala osaina anali awiri. Lachiwirilo linali lopinda pamwamba, mutu wake osaoneka. Ndinafuna kulifunyulula. Kapitawo anaika dzanja pamenepo, akuyang'ana kwina. Kumbuyo anthu anali kukankha. Ndinasaina. Mpaka lero sindidziwa kuti ndinavomera chiyani. Mwina ndinavomera kuti ndalandira.

Tisanatuluke anatiuza chinthu china. Anati kubwera mayeso. Tsiku sanena. Munthu wochokera kunja kwa kampani adzabwera pamalo pako ngati mlendo, chikwama chidzasiyidwa, iye adzaona zomwe uchite. Anati wolephera, kontirakiti yake khalas.

M'basi mnzanga wa ku Chipata anati ndalama zinadyedwa kale, ife tatsala ndi mayeso okha. Apo ndinagwirizana naye. Koma ine ndinali ndi vuto lina lomwe linandisowetsa mtendere.

M'nyumba yomwe ndinkalonderayo munali atsikana achimalawi angapo, ogwira ntchito za m'nyumba. Mmodzi anali wa ku Ntcheu, wolera ana pamwamba penipeni. Ndinkamutchula achemwali, iye ankanditchula achimwene. Ankagona m'kachipinda kuseri kwa khitchini, kokwana bedi lokha. Madamu ake sankafuna kuona chikwama chodzaza m'menemo. Ankati wantchito akayamba kulongedza ndiye kuti akufuna kuthawa. Ndiye achemwali akasonkhanitsa zotumiza kumudzi, zovala zomwe ana a bwana asiya, sopo, nsapato, ankabweretsa kwa ine. Ndinkasunga m'kachipinda ka zokolopera, kuseri kwa desiki, mpaka apezeke wina wopita kumudzi. Timatero kuno. Wokwera ndege aliyense amanyamula katundu wa anthu asanu. Ndipo wakwanu akakusungitsa chinthu kudziko la eni, sukana. Ukakana, mbiri imakafika kwanu iwe usanafike.

Kampani inkaletsa zimenezi. Ndinkadziwa.

Tinali ndi kachitidwe kathu. Achemwali sankandipatsa m'manja, kuopa kuti madamu kapena oyandikana nawo aona. Ankatsika ndi kangolo ka mwana, chikwama chili pansi pake. Potuluka mu lifiti ankachiika pambali pa mphika waukulu wa maluwa, n'kupitirira ngati sakundidziwa. Ine ndinkadikira pang'ono, n'kukachitenga. Tinachita choncho kangapo. Palibe ananenapo kanthu.

Nditabwera kumaphunziro ndinawauza kuti zimenezi zithe. Ndinawapeza panja, akukankha kangolo pamthunzi. Ndinawafotokozera za mayeso ndi za kontirakiti. Anamvetsera, kenako anati chatsala chimodzi chokha. Mwana wawo wamkazi wasankhidwa kupita ku sekondale, ndipo mayi wina wa kutchalitchi ku Oud Metha anyamuka sabata yamawa.

"Achimwene, ndikaika kuti? Pansi pa bedi madamu amasuzumira. Mukufuna mwana akayambe Fomu Wanu ndi patapata?"

"Komaliza," ndinatero.

"Komaliza. Inu zigawenga zanuzo zibwera kudzaba sopo?"

M'mawa mwake chikwama chinali pa mphika wa maluwa. Chija chachikulu cha mizeremizere, chofiira ndi chabuluu, chomwe aliyense wopita kumudzi amanyamula. Zipi inali itaduka. Anachimanga pa zogwirira ndi kansalu kobiriwira kong'amba ku chitenje. Ndinachiika m'kachipinda ka zokolopera, kuseri kwa zidebe.

Masiku otsatirawo ndinkakayikira aliyense. Wobweretsa chakudya panjinga yamoto akasiya jumbo padesiki, ndinkamuthamangira. Bambo wina wokalamba anaiwala chivwende m'thumba pampando. Ndinachotsa anthu, ndinapita patali, ndinauza akuofesi. Mwini wake anabwera akutukwana. Kapitawo anamva, anandiimbira kuti ndisamachititse kampani manyazi. Ndinati ndatsatira malamulo atatu. Anati nditsatirenso lachinayi, kugwiritsa ntchito mutu.

Ndinayamba kumuyang'anitsitsa iyeyo. Anali ndi wotchi yatsopano. Mwina anali nayo kale, ine sindinaione. Anayambanso kubwera kunyumba yathu kawirikawiri, kuimaima pakhomo, kupumira mphepo yozizira ija. Tsiku lina anabwera ndi munthu wakwawo, mlonda watsopano, n'kumamuonetsa desiki, mabatani a lifiti, buku la alendo. Ndinafunsa kuti bwanji. Anati akungomuphunzitsa.

Mayeso anabwera Lachitatu, cha m'ma teni koloko m'mawa.

Kapitawo anandiitana pawailesi. Anati geti la magalimoto la pansi likuvuta, ndikalione. Ndinatsika. Geti linali bwinobwino. Ndinalitsegula, ndinalitseka, ndinabwerera. Sipanathe mphindi khumi.

Nditalowa ndinaona zinthu ziwiri. Pampando wa alendo panali bambo wina wa malaya oyera, kapu ya khofi m'manja, maso pafoni. Sanali wa m'nyumbamo. Ndinadziwa nthawi yomweyo kuti ndi woyesa uja. Geti labwinobwino, mlendo wosalembetsa m'buku, zonse zinagwirizana. Ndinadziyamikira mumtima kuti ndawagwira.

Chachiwiri chinali pa mphika wa maluwa. Chikwama cha mizeremizere, kansalu kobiriwira pa zogwirira.

Ndinaima. Ndinaganiza mofulumira, ndipo ndinaganiza molakwa. Ndinati mwina wokolopa wachitulutsa kuti atenge zidebe. Kapena achemwali atsika ine kulibe, awonjezeramo kanthu, n'kuchisiya pamalo athu a nthawi zonse. Chikwama cha mayeso ndinkachidziwa, ndi chakuda cha kumsana, ngati cha pazithunzi zija. Ndinati chimenecho chikubwera, kapena achibisa penapake. Ichi n'chathu, chaima pamalo oipa pa tsiku loipa. Ndikachisiya, woyesa achiona. Ndikauza akuofesi, kubwera apolisi ndi agalu, atsegula, afunsa mwini wake. Madamu amva. Achemwali akwera ndege yobwerera, ine pambuyo pawo.

Ndinayenda bwinobwino ngati munthu wopanda nkhawa. Ndinawerama. Ndinachinyamula, n'kuchiponya paphewa.

Bambo uja anaika khofi pansi. Anaimirira. Analoza mayi wina amene ankatuluka mu lifiti ndi mwana, n'kuyankhula Chingerezi chapang'onopang'ono kuti ndimve.

"Wafa. Ine ndafa. Mayi uyo ndi mwana wake afa."

Chitseko cha masitepe chinatseguka. Kapitawo anatuluka. Anali atabisala m'menemo nthawi yonseyi. Anapukusa mutu ngati munthu wachisoni, koma pakamwa pake sipanali chisoni.

Woyesa anandifunsa malamulo atatu. Ndinawatchula onse, ndi la wailesi lomwe. Anandifunsa kuti nanga ndanyamuliranji. Ndinati chifukwa chikwamachi ndimachidziwa. Anati sizingatheke, chikwama cha mayeso mlonda sachidziwa. Ndinati ichi ndimachidziwa, chakhala m'kachipinda ako masiku asanu. Ndinaloza.

Anayang'ana kapitawo. Kapitawo anayang'ana wotchi yake.

Woyesa anati nditsegule. Ndikuganiza ankayembekezera mawaya ndi kawotchi ndi chidindo cha kampani yake. Ndinamasula kansalu kobiriwira. Pamwamba panali nsapato zakuda za sukulu, za mtsikana, zatsopano. Pansi pake bulangete, sopo, mafuta odzola, malaya oyera awiri, paketi ya tende, zipatso zouma zija za kuno. M'nsapato imodzi munali kalata yopinda.

Mayi wa mwana uja anaima patali, akuonerera.

Woyesa anatengera kapitawo pambali. Anayankhula motsitsa mawu, koma zina ndinamva. Anafunsa kuti chikwama chenicheni chili kuti, chomwe kampani inayenera kukonza. Kapitawo anati sichinafike, ogulitsa achedwetsa, ndiye anangotenga chomwe anapeza m'nyumbamo kuti tsiku lisapite pachabe. Woyesa anafunsanso kenakake. Kapitawo anayankha nthawi yaitali, manja akuyendayenda. Munthu akamayankha motalika choncho pa funso lalifupi, ine ndimadziwa.

Kenako woyesa anabwerera kwa ine. Anafunsa kuti katunduyu ngwa ndani.

"Wanga," ndinatero. "Wa mwana wanga."

Ana anga onse ndi aamuna. Iye sankadziwa. Kapitawo ankadziwa kapena ayi, sananene. Woyesa analemba m'kabuku kake nthawi yaitali. Anati mayesowa sawerengedwa, chifukwa sungayese mlonda ndi chikwama chake chomwe. Koma anati mlonda wosunga katundu pantchito, ndi mlonda amene tsiku lina adzanyamula chinthu chomwe akuganiza kuti akuchidziwa. Anandiyang'ana m'maso ponena zimenezo. Zinali zoona. Munthu woipa akanafuna kundipusitsa, sakanabwera ndi chikwama chakuda. Akanabwera ndi cha mizeremizere, atamanga kansalu.

Anamaliza khofi wake, napita.

Masiku atatu palibe anandiuza kanthu. Ndinkapita kuntchito ndikudikira kalata. Chikwama ndinapita nacho kukampu, ndinachiika pansi pa bedi. Achemwali anamva kwa atsikana anzawo. Anatsika ndi kangolo, anaima pafupi ndi desiki ngati akukonza chipewa cha mwana. Anati pepani achimwene. Anati akauze madamu zoona zake, mwina zithandiza. Ndinati akhale chete, kulakwa kumodzi kusadye anthu awiri.

Ndinakayikira mnzanga wa ku Chipata. Iye yekha ndiye ankadziwa za kachipinda kaja, chifukwa ankalowa pambuyo panga. Ndinamufunsa m'basi, pamaso pa anthu. Anakwiya. Anati akanafuna kundigulitsa akanayamba kale, pa chikwama choyamba. Kenako anaseka.

"Mudala, pamwamba pa chitseko chija pali kamera."

Ndinati kamera imeneyo inafa kalekale.

"Anakuuzani ndani ati inafa?"

Ndinakumbukira. Anandiuza ndi kapitawo, tsiku langa loyamba m'nyumba muja. Ine amene ndimafuna kalenda munthu akandiuza tsiku, chinthu chimenecho ndinachimeza osatafuna.

Tsiku lachinayi kapitawo anandiitana kuofesi. Anatseka chitseko. Sanatchule mayeso. Sanatchule chikwama chosafika. Anati ndine mlonda wabwino, wazaka zambiri, ndipo iye wandimenyera nkhondo kwa mabwana. Anatulutsa kontirakiti. Zaka zina ziwiri. Anati koma kampani yaona kuti ndisinthe malo. Malo oimika magalimoto ku Oud Metha, pafupi ndi chipatala china chaching'ono. Panja.

Ndinamvetsa. Kundichotsa ntchito sakanatha, chifukwa lipoti la ine likanatchulanso iye. Kundisiya padesiki sankafuna. Ndinagwira pepalalo, ndinalitembenuza, ndinayang'ana kumbuyo, ndinayang'ana ngati pali popinda. Anafunsa kuti ndikufuna chiyani. Ndinati palibe. Ndinasaina.

Sabata yotsatira padesiki panga panakhala munthu wakwawo uja.

Mpaka lero sindidziwa chomwe chinachitika. Mwina kapitawo anapatsidwa ndalama zogulira chikwama cha mayeso, n'kugula wotchi. Mwina ogulitsa anachedwetsadi. Mwina ankangofuna mpando wanga, ndipo anadziwa kuti M'malawi akaona katundu wa wakwawo pansi samusiya. Ngati n'choncho, anatiphunzira bwino kuposa mmene ife tinaphunzirira zigawenga. Ndalama za boma zija sindidziwa ngati zinafika kukampani, kapena ngati zinalipo n'komwe. Wina anandiuza kuti kuno maphunziro alibe alawansi, kampani ndi imene imalipira kuti tiphunzire. Wina anati ayi, zilipo, zimathera pamwamba. Onse awiri ananena motsimikiza. Mnzanga wa ku Chipata akufufuzabe pafoni paja.

Chikwama ndinakachipereka ndekha Lamulungu kwa mayi wa kutchalitchi uja. Tchalitchicho chili pafupi ndi malo anga atsopano, ndimayenda wapansi. Patapita milungu iwiri achemwali ananditumizira chithunzi pafoni. Mtsikana wamtali, yunifolomu, nsapato zakuda. Kenako anatumiza ambulera kudzera mwa mnzanga. Kampani silola mlonda kugwira ambulera pantchito. Ili pansi pa bedi.

Pamalo oimika magalimoto pali kakhumbi kamalata, munthu mmodzi sakwana bwino. Ndimaima kuyambira sikisi mpaka sikisi. Masana phula limafewa, nsapato zimamata. Atsikana achimalawi odutsa popita kutchalitchi amandipatsa moni. Awiri anandipemphapo kuti ndiwasungire katundu. Ndinati ndilibe kachipinda. N'zoona, ndilibe. Sindidziwa kuti ndikanayankha chiyani ndikanakhala nako.

Chaka chatha anatiitananso kumaphunziro, chipinda chomwecho pamwamba pa sitolo ya nsalu. Zithunzi zomwezo, chikwama chakuda chomwecho. Madzi ndi samusa. Posaina, pepala lachiwiri linali lopindanso. Ulendo uno ndinalikoka msanga, ndinalifunyulula. Pamwamba panali chidindo ndi mizere itatu ya Chiarabu. Ndinaiyang'ana kanthawi. Kumbuyo anthu anali kukankha. Ndinasaina.

Malata a nyumba ndinagula. Mbali imodzi afolera kale.